Thonje n'lathu, chikopa n'chathu, nanga nsapatoyo nja yani?

Alimi anzathu, tsiku la msika likafika pa Liwonde, pa Ulongwe, pa Ntaja kapena pa Balaka, taimani pang'ono pamene amayala nsapato. Mupeza milu iwiri. Mulu woyamba ndi wa kaunjika: nsapato zothamangira zimene zidavalidwa kale ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, zokwechedwa ndi sopo mpaka kuoneka ngati za m'sitolo. Mulu wachiwiri ndi wa zatsopano, zonyezimira, zotsika mtengo, zija soli yake imayamba kuyasama mvula yoyamba ikangogwa. Nyamulani imodzi, mupinde lilime lake ndi kuwerenga kansalu kamene adasokerera m'katimo. Mupeza Vietnam, China, Indonesia, mwina India. Dzina la dziko lathu simulipeza. Komatu ogula ndife, ndipo ndalama tikugulirazo ndi za thonje, za nandolo ndi za mbuzi.

Ena afunsa kuti nkhani ya nsapato yalowa bwanji m'kalata ya alimi pamene feteleza sakugulika. Yalowa chifukwa nsapato imasokedwa ndi nsalu, ulusi, chikopa ndi mphira, ndipo zinthu zinayi zonsezi zimachokera kumunda ndi kukhola. Balaka ndi limodzi mwa maboma olima thonje lambiri m'dziko muno. Mbuzi zili m'makola athu. Mitengo ya mphira ili ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay. Yalowanso chifukwa dola imene imaitanitsa belo la nsapato ndi yomweyo imene imasowa pofuna kuitanitsa feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala a m'chipatala. Pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa nsapato ya mwana wasukulu udakwerera limodzi ndi thumba la urea. Kholo limodzi lomwelo lidalira kawiri.

Tiyambe ndi kunena zoona, chifukwa andale akamayenda m'midzi amakonda kutilonjeza mafakitale ngati kuti fakitale ndi nkhokwe yomanga masiku awiri. Nsapato yothamangira yamakono, yonga imene amavala akatswiri a mpikisano, ilibe thonje kapena chikopa chochuluka. Pamwamba pake pali nsalu ya poliyesitala, pansi pali pulasitiki wofewa ngati siponji, ndipo zonsezi zimachokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwe ife tilibe. Soli iliyonse imaumbidwa m'chikombole chachitsulo, ndipo saizi iliyonse imafuna chikombole chakechake, cha phazi lamanja ndi cha lamanzere. Zikombole zimenezi n'zodula, moti zimabweza ndalama pokhapokha fakitale ikamatulutsa nsapato zikwi mazanamazana. N'chifukwa chake mwa nsapato 10 zilizonse zopangidwa padziko lapansi, pafupifupi 9 zimachokera ku Asia, ndipo dziko la China lokha limapanga zoposa theka la zonse.

Ngakhale kampani ya Nike, imene chizindikiro chake anyamata athu amachifunafuna pa kaunjika, ilibe mafakitale akeake osoka nsapato zimene timazionazi. Idayamba m'chaka cha 1964 ku America ndi ntchito yogulitsa nsapato za kampani ya ku Japan ya Onitsuka. Malipiro atakwera ku Japan, ntchito yosoka idasamukira ku South Korea ndi ku Taiwan, kenaka ku China, ku Indonesia ndi ku Vietnam, kumene m'zaka zaposachedwazi kwakhala kukusokedwa pafupifupi theka la nsapato za kampaniyi. Kampani ya New Balance imasokabe zina kwawo ku America ndi ku Flimby, ku England, koma zimenezo ndi zochepa ndipo mtengo wake ndi wa anthu opeza bwino. Ngati America, ndi magetsi ake osazimazima, idalephera kusunga ntchito imeneyi kwawo, munthu asadzatinamize kuti Liwonde ipikisana ndi Vietnam chaka chamawa. Tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira.

Ndiye tingopinda manja? Ayi. Chimene tikukana ife ndi maganizo akuti popeza sitingapange nsapato ya katswiri wothamanga mtunda wa makilomita 42, ndiye kuti sitingapange nsapato iliyonse. Kodi ndi angati mwa ogula pa Liwonde amene akukonzekera mpikisano? Nsapato "yothamangira" kuno kwathu ndi yopitira kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti, kuchigayo, yopalasira kabaza, ndi yosewerera mpira wamanja Lachisanu masana. Ntchito zonsezi ingazigwire nsapato yansalu yolimba ya thonje yokhala ndi soli ya mphira, ija ambiri timati ya tenesi. Akuluakulu amene adaphunzira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akuidziwa bwino, ankaipaka choko choyera madzulo a Lamulungu. Sifuna makina odabwitsa. Nsapato yachikopa yasukulu ndi jombo ya mlonda n'chimodzimodzi.

Ndipo sikuti tikulota zinthu zimene sizidachitikepo. Kampani ya Bata idakhazikitsa fakitale ya nsapato ku Blantyre. Kampani ya David Whitehead and Sons, mumzinda womwewo, inkapota ulusi ndi kuomba nsalu ndi thonje la alimi a dziko lino, ndipo pa nthawi imene zinthu zinkayenda bwino inkalemba ntchito anthu zikwi zingapo. Kuno ku Liwonde kudamangidwa fakitale yofufuta zikopa. Unyolo udalipo, kuchokera kumunda kufika kuphazi. M'zaka za m'ma 1990 zipata za malonda zidatsegulidwa mwadzidzidzi, katundu wakunja ndi kaunjika zidasefukira, ndipo mafakitale athu, amene adazolowera kutetezedwa ndipo makina awo adali atakalamba, adalephera kupirira. David Whitehead idagulitsidwa kwa a Mapeto m'chaka cha 2003, pakati pa mkangano waukulu wokhudza mtengo wake. Lero gawo lalikulu la thonje lathu likangochotsedwa njere pa jinale limamangidwa m'mabelo n'kutuluka m'dziko. Belo la thonje kutuluka, belo la kaunjika kulowa, ndipo nthawi zina amapatukirana pa msewu womwewu wodutsa pakhomo pathu.

Apa mpamene pali phunziro la ife alimi a thonje. M'chaka cha boma cha 2011/12, boma lidaika K1.6 biliyoni mu ulimi wa thonje, mbewu ndi mankhwala zidafika, ndipo dziko lidakolola pafupifupi matani 100,000. Tidaonetsa kuti kulima timadziwa. Koma thonje litachuluka mitengo idatsika, ogula adali omwewo ochepa, ndipo ogulawo ankayang'ana mtengo wa kunja umene ife sitingaukhudze ndi chala. Alimi ambiri adagwa ulesi, ndipo m'zaka zina zotsatira zokolola sizidafike ngakhale matani 20,000. Lamulo la thonje la 2013 lidabweretsa bungwe la Cotton Council of Malawi, zimene zili zabwino, koma bungwe silipota ulusi. Malinga ngati thonje lathu lilibe wogula wina m'dziko muno amene akulifuna kuti aombe nsalu, mlimi wa ku Utale ndi wa ku Phalula adzakhalabe akudikira kumva kuti mtengo wagwa ku New York. A nandolo adalawa zomwezi mu 2017, dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo: matumba adaunjikana m'nyumba, mavenda n'kumatchula mtengo umene afuna.

Sitikunena kuti nsapato zansalu zingamalize thonje lonse la Balaka. Nsapato imodzi imadya nsalu yochepa. Koma fakitale yoomba nsalu yolimba ya nsapato ndi yomweyo ingaombe ya yunifolomu, ya matenti, ya zikwama za ana asukulu ndi ya maovololo. Wogula mmodzi wapafupi wodalirika amasintha kalankhulidwe ka ogula ena onse pa sikelo.

Anzathu a m'maiko ena adayesa, ndipo tiphunzire kwa iwo zonse ziwiri, zokoma ndi zowawa. Ku Kenya, dziko la akatswiri othamanga, mayi Navalayo Osembo ndi mnzawo Weldon Kennedy adayambitsa kampani ya Enda, dzina la Chiswahili limene silitalikirana ndi "yenda" wathu. Adasonkhetsa ndalama pa intaneti mu 2016 ndi kuyamba kusoka nsapato zothamangira ku Kenya komweko. Zidutswa zovuta adayamba n'kuziitanitsa ku China, iwo n'kumalumikiza ndi kusoka. Sadadikire kuti akhale ndi zonse. Ku Ethiopia, mayi Bethlehem Tilahun Alemu adayambitsa soleRebels pakati pa zaka za m'ma 2000 m'dera losauka la mzinda wa Addis Ababa, akusoka nsapato za nsalu ya thonje yoombedwa pamanja ndi soli ya matayala akutha, n'kumazigulitsa mpaka ku Ulaya. Inde, matayala akutha. Nkhwaira zomwe zija agogo athu ankavala popita kudambo, zimene ife timaziseka, ena adazikonza bwino n'kupezerapo ndalama zakunja.

Koma pali njira ziwiri zimene anthu a m'maofesi amathamangira akamva nkhani yotere, ndipo zonse ziwiri bilu yake amalipira ndi mlimi. Tizikane poyera.

Yoyamba ndi yoletsa kaunjika lero lomwe. Maiko a kum'mawa kwa Africa adagwirizana mu 2016 kuti athetse malonda a zovala ndi nsapato zakale. Dziko la America litaopseza, Kenya, Uganda ndi Tanzania adabwerera m'mbuyo. Rwanda idalimba mtima, idakweza msonkho wa zovala za kaunjika kuchoka pa masenti 20 a ku America kufika pa madola 2.50 pa kilogalamu, ndipo mu 2018 America idailanda mwayi wogulitsa zovala kumeneko mopanda msonkho. Kulimba mtima kwawo tikukulemekeza. Koma tiyeni tiyang'ane kwathu. Ngati kaunjika atsekedwa mawa popanda nsapato yathu yolowa m'malo mwake, mwana wa bwana adzavalabe ya m'sitolo, wa mlimi adzayenda chapansi. Ndipo kuyenda chapansi si nkhani ya manyazi okha: ndi minga, ndi matekenya, ndi nyongolotsi zolowera kuphazi zimene zimamaliza magazi a mwana, ndi mchenga wa mu Okutobala umene aliyense wa m'chigwa cha Shire akuudziwa kutentha kwake. Tisaiwalenso kuti ogulitsa kaunjika ambiri ndi ana athu omwe, amene mpamba wawo udachokera ku thonje. Nyumba yakale saigwetsa yatsopano isanafoleredwe.

Mwa njira yomweyo, wina asadzabwere ndi nzeru yoti ana onse a pulayimale azikakamizidwa kuvala nsapato kuti fakitale ipeze msika. Sukulu yaulere idabwera mu 1994 kuti mwana asabwezedwe pakhomo chifukwa cha umphawi. Nsapato isakhale chipata chatsopano.

Njira yachiwiri ndi yotseka malire kuti zikopa kapena thonje zisatuluke, ati kuti mafakitale a m'dziko muno apeze zipangizo. Ethiopia idachita zimenezi mu 2008 poika msonkho wa 150 peresenti pa zikopa zosafufuta zotuluka kunja, ndipo mafakitale a nsapato adabweradi, kuphatikizapo Huajian ya ku China mu 2012. Koma taganizani amene amanyamula mtolowo. Mukatseka chitseko cha kunja pamene ogula a m'dziko ndi mmodzi kapena awiri, ogulawo amatchula mtengo umene akufuna, chifukwa woweta alibe kwina kopita. Ife tidaziona kale ndi chimanga nthawi zonse boma likaletsa kugulitsa kunja chaka cha zokolola zambiri. Ngati boma lifuna kuika msonkho wotere, liyambe latiuza kuti mtengo wotsikitsitsa wa chikopa ukhala wotani, aulondoloza ndani, ndipo ndalama za msonkhowo zibwerera bwanji kwa oweta. Popanda zimenezo, ndiye kuti akumanga fakitale ya munthu wina ndi njerwa zathu.

Tsono mbali yathu ndi iti? Tikhalitse pa chikopa, chifukwa apa mpamene tikutaya ndalama ndi manja athu. Ziwerengero za unduna wa zamalimidwe za zaka zaposachedwa zimaonetsa mbuzi zoposa 10 miliyoni ndi ng'ombe pafupifupi 2 miliyoni m'dziko muno. Tsiku lililonse mbuzi zikuphedwa pa misika ya m'mbali mwa msewu kuti pachiwaya pasazizire. Pa chikondwerero cha Eid ya nsembe, m'maboma a Machinga, Balaka ndi Mangochi mumaphedwa ziweto zochuluka m'masiku ochepa. Zikopa zake zimapita kuti? Zina amaponyera agalu, zina amayanika pa mchenga padzuwa mpaka kuuma gwaa ngati lata, zina zimaolera kuseri kwa butchala. Zimene zafika kwa wogula zimakhala zobooka, ndipo iye amapezerapo chifukwa chogulira zonse pa mtengo wa zoonongeka.

Ena mwa ife tidagwirapo ntchito ya ulangizi, ndipo tikudziwa kuti chikopa chimaonongeka chiweto chikadali moyo. Nkhupakupa iliyonse imasiya kabowo kamene kamaoneka chikopa chikafufutidwa, ndiye madibi amene adagwa m'madera ambiri ndi nkhani ya nsapatonso. Chizindikiro chamoto chodindidwa pakati pa nthiti za ng'ombe chimaononga malo enieni amene wosoka amadulapo nsapato; chidindeni kumunsi kwa mwendo. Chikwapu ndi waya waminga zimasiya zipsera. Posenda, mpeni wosongoka ndiwo mdani: gwiritsani wakuthwa koma wozungulira kunsonga, ndipo chikopa cha mbuzi chimasendeka bwino pokankha ndi chibakera kusiyana ndi kucheka. Mukasenda, chotsani mafuta ndi tinyama totsalira, tsukani magazi, ndipo musalole kuti chigone. Kutentha kwa kuno chikopa chimayamba kuola pakangopita maola ochepa. Chipakeni mchere wokwanira mbali ya mnofu, kapena chikungeni ndi zingwe pa mitengo inayi pamthunzi pomwe pakupita mphepo, osati pansi, osati padzuwa. Palibe chilichonse apa chofuna dola.

Mlimi mmodzi wokhala ndi zikopa ziwiri sangakambe mtengo ndi munthu. Kalabu yokhala ndi zikopa 200 zosankhidwa m'magulu, zoyamba pazokha, zachiwiri pazokha, imaitana wogula ndipo amabwera ndi galimoto yake. Ndi mmene tidachitira ndi mbewu zina, palibe chachilendo. Pa thonje napo tisadzinamize: kuthira madzi kapena mchenga m'thumba kuti lilemere, ndi kutolera m'matumba a feteleza amene tizingwe take ta pulasitiki timasakanikira ndi thonje, zimaononga ulusi ndipo zimapatsa ogula chonamizira chodulira mtengo kwa tonse, olakwa ndi osalakwa omwe.

Kwa boma ndi kwa aphungu athu a ku Machinga ndi Balaka tili ndi pempho limene silifuna ngongole ya kunja. Boma limagula nsapato zochuluka. Asilikali, apolisi, oyang'anira ndende, alonda a nkhalango ndi a malo osungira nyama zakutchire, onsewa amavala jombo zogulidwa ndi misonkho yathu. Ndondomeko ya Buy Malawi idakhazikitsidwa mu 2016, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amakamba za mafakitale tsamba ndi tsamba. Aphungu afunse m'Nyumba ya Malamulo, ndipo yankho liperekedwe m'manambala: chaka chatha boma lidagula jombo zingati, ndipo mwa izo zosokedwa m'dziko muno ndi chikopa cha m'dziko muno zidali zingati? Kusoka kuno ndi chikopa choitanitsa kunja kumathandiza telala koma sikufika kukhola. Wosoka nsapato akakhala ndi mgwirizano wa zaka zitatu ndi boma angathe kupita kubanki kukakongola makina. Akakhala ndi oda ya kamodzi, yolipidwa patatha chaka, amatseka.

Amisiri tili nawo kale. Pakhonde la sitolo iliyonse pa Liwonde pali bambo amene amatenga nsapato ya kaunjika yong'ambika, n'kuisoka ndi ulusi wa tayala mpaka kutha zaka zina ziwiri. Munthu amene amadziwa kumasula nsapato ndi kuibwezeretsa sali kutali ndi kupanga yatsopano. Chimene akusowa ndi zikombole za mapazi, makina osokera chikopa, guluu wabwino ndi chikopa chofufutidwa bwino pa mtengo wofikirika. Bungwe la TEVETA ndi sukulu zaluso za m'madera ziyambire pa anthu amenewa, osati kungophunzitsa achinyamata atsopano n'kuwapatsa satifiketi popanda chida.

Liwonde ili pamalo abwino. Njanji yopita ku doko la Nacala imadutsa pano, mphambano ya Nkaya ili pafupi, misewu yopita ku Zomba, ku Mangochi, ku Ntaja ndi ku Lilongwe imakumanirana m'dera lino, ndipo madzi a Shire saphwa. Koma pa madzi pomwepo tichenjeze. Kufufuta zikopa kwamakono kumagwiritsa ntchito mankhwala a chrome ndi laimu, ndipo madzi otuluka m'fakitale yotere akathiridwa mumtsinje osayeretsedwa amapha nsomba ndi kuononga madimba. Asodzi ndi alimi a mpunga ndi ndiwo zamasamba m'mbali mwa Shire ndi mamembala athu omwe. Aliyense wofuna kufufuta zikopa kuno aonetse kaye maiwe oyeretsera madzi, ndipo khonsolo iziyendera maiwewo pamodzi ndi nthumwi za alimi, osati kungolandira lipoti la pa pepala.

Pa misonkhano ya makalabu ya mwezi uno tikupempha atsogoleri kuti aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana. Mlembi wa kalabu iliyonse ayendere mabutchala ndi okazinga nyama a m'dera lake, alembe kuti pa sabata amapha mbuzi ndi ng'ombe zingati, zikopa amagulitsa kwa yani ndipo pa mtengo wanji. Alembenso maina a osoka nsapato a pa msika wawo ndi zida zimene ali nazo. A makalabu a kumene kuli Asilamu ambiri akambirane ndi mashehe nthawi ikadalipo, kuti pofika Eid ya nsembe pakhale malo amodzi amthunzi osonkhanitsira zikopa ndi anthu awiri odziwa kusenda. Mapepalawa afike ku komiti ya boma lanu, ndipo kalabu imene ili ndi kangachepe m'thumba iguliretu matumba awiri a mchere wa mibulu.